Maliro opanda nyimbo

Bambo aakulu, akulu awo a bambo anga, anamira m'nyanja m'nyengo ya mwera, usiku umene asodzi ambiri a pagombe lathu, pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay, anaona mmene mitengo inkaweramira n'kuganiza zogona kunyumba. Iwo analowa m'madzi chifukwa usipa unali pamtengo wabwino, komanso anali ndi ngongole ya mafuta a injini imene mwini wake sankawapatsa nayo mpata wopuma. Alovi awo, antchito okoka ukonde, anapulumuka pogwirira zigubu mpaka kunacha, koma iwo, amene anali okha m'bwato la nyali monga siginala, wokopa usipa ndi kuwala, sanaonekenso kufikira pamene anyamata owafunafuna anawapeza m'bango, kutali ndi pamene bwato linagubuduzikira.

Imfa ya m'madzi si yachilendo kuno, ndipo siyo yandichititsa kulemba. Chimene chakana kuchoka m'mutu mwanga ndi mmene tinawaikira, pakuti bambo aakulu anamwalira ali odulidwa mumpingo. Anadulidwa kalekale atakwatira mkazi wachiwiri, ndipo kachasu anangowonjezera pamlandu umene unali kale waukulu. Ine ndine mlembi wa mpingo wathu waung'ono, kotero kaundula amakhala m'nyumba mwanga, m'kabati momwe ndimasungamo mapepala a ana amene ndimawaphunzitsa za Baibulo kusekondale. Dzina lawo lili m'menemo, lokhwatchidwa ndi cholembera chofiira ndi mlembi amene analipo ine ndisanasankhidwe.

## Ulendo wa kumanda

Lamulo lake aliyense amalidziwa: wodulidwa saimbiridwa, amayi savala yunifolomu, abusa sabwera kudzatsogolera mwambo, koma mkulu wa mpingo mmodzi amaloledwa kudzalalikira kwa amoyo. Munthu amene sanaperekezepo maliro otere sangamvetse mmene njira ya kumanda imatalikira. Kuchokera kusiwa tinkangomva mapazi akukwekweza mumchenga, adzukulu akuuzana kuti asinthane phewa, ndi kulira kwa mkazi wamng'ono kumene kunkakwera ndi kutsika popanda nyimbo yokuphimba. Amayi a mpingo anabwera onse atavala zitenje wamba, ndipo ndinaona mmodzi wa iwo, amene pamaliro ena ndiye amayambitsa nyimbo, atatsegula pakamwa mwachizolowezi, mnzake n'kumugunda ndi chigongono, iye n'kudzitseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Kumanda analalikira mkulu wa mpingo amene ndimawalemekeza mpaka lero, munthu woti sanadyepo ngakhale tambala ya chopereka, amenenso amayendera odwala panjinga yakapalasa dzuwa likuswa mtengo. Anawerenga Ahebri 9:27, pamene pamati munthu anaikidwiratu kufa kamodzi ndipo pambuyo pake chiweruzo, kenako anapita pa Ahebri 12:29, pamene Mulungu akutchedwa moto wonyeketsa. Mpaka pamenepo panalibe chodandaulitsa, pakuti mawuwo ali m'Baibulo ndipo kumanda ndi malo oyenera kuwamva. Koma atatseka buku anatambasula dzanja kuloza bokosi, nati: "Mwera uja sunangobwera, unachita kutumidwa. Amene agona apawa anaitanidwa kambirimbiri koma anaumitsa khosi, ndipo lero khomo latsekedwa. Kumene ali pano akupempha dontho la madzi, munthu woti wafera m'madzi." Ena anavomera ndi mitu, ena anazolika. Patsogolo penipeni panakhala mwana wamwamuna wa kwa mkazi wamng'ono, wa sitandade 5, atavala kabudula wa sukulu chifukwa ndiye anali chovala chake chabwino, ndipo ankayang'ana mlalikiyo osaphethira.

## Paketi ya shuga

Madzulo a tsiku lomwelo, anthu akutali atabalalika, kunabwera mbusa wachinyamata wa mpingo wina watsopano umene umasonkhana m'kalasi pasukulu ya pafupi. Anali atamva za ulaliki wa kumanda ndipo zinamupweteka, choncho anabwera ndi paketi ya shuga ndi mtima wofuna kutonthoza. Anapempha kuti aone mayi aakulu, mkazi woyamba wa malemu, amene anali pamphasa kuseri kwa nyumba pamodzi ndi amayi ena, ndipo ine ndinamuperekeza.

Mayi aakulu dzanja lawo lamanzere silitambasuka. Linathyoka ndi nkhafi zaka zambiri zapitazo, usiku wina bambo aakulu atafika ataledzera, ndipo linapola mokhota chifukwa anachedwa kupita nalo kuchipatala poopa mafunso. Pamudzi aliyense amadziwa, koma palibe amene amaitchula nkhaniyo. Ndi dzanja lomwelo analera ana awo poyanika usipa pathandala za eni, mwamuna atasamukira kwa mkazi wamng'ono pamodzi ndi boti, ukonde wa chilimira ndi ndalama zonse.

Mbusa uja anagwada mwaulemu, napereka shuga, nayamba kulankhula mofatsa. Anati asasweke mtima ndi zimene zanenedwa kumanda, pakuti Mulungu ndiye chikondi, sasunga mangawa, sawerenga zolakwa za ana ake, ndipo zonse zimene malemu anachita zinafafanizidwa kalekale pamtanda, moti kumwamba kulibe amene akuzikumbukira. Amayi ena anapukuta misozi, ndipo kwa ine mawuwo anali okoma kuwamva pambuyo pa moto wa masana uja. Mayi aakulu anamvetsera mpaka mbusayo anamaliza, kenako anayankha osakweza mawu ngakhale pang'ono.

"Abusa, shugayu tathokoza. Koma mukati Mulungu sawerenga, mukutanthauza kuti dzanja ili sanalione? Nthawi yonse imene ndinkagona pakhonde ndi ana ndinkauza Iyeyo, chifukwa kwa ankhoswe ndinapita, kwa amfumu ndinapita, kumpingo ndinapita, ndipo onse ankangoti pirirani amayi, banja ndi kupirira. Ngati nayenso sanaone, ndiye kuti zaka zonse zija ndinkangodzilankhulira ndekha."

Mbusayo anasowa chonena. Pamenepo mayi aakulu anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe mwananga, popeza mabuku amasunga ndiwe, ukawauze akulu ako aja kuti bambo akowa ndinakhala nawo ine, ndikuwadziwa kuposa iwo, koma kumene apita sindikukudziwa. M'madzi muja munali iwo ndi Mulungu wawo, mkulu wa mpingo munalibe. Mlanduwo ausiyire mwini wake, adzautha bwino."

Usiku umenewo, tikudikira kusesa, mayi aakulu anayambitsa nyimbo okha. Amayi a mpingo anayang'anana kaye, kenako analandira, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene anadzuka kukawaletsa.

## Mulungu amene sanaone kanthu

Nkhani ya chikondi cha Mulungu ndi chiweruzo chake timaimva kawirikawiri ngati mkangano wa magulu awiri, alaliki a moto ndi alaliki a chisomo, ndipo munthu amangosankha gulu limene likugwirizana ndi mtima wake. Tikumva zimenezi pawailesi, m'minibasi, ngakhale pamisonkhano ya chitsitsimutso imene zimkuzamawu zake zimafika kutsidya kwa Shire. Mayi aakulu anandionetsa kuti alaliki onse awiri, wa masana ndi wa madzulo, anawalanda kanthu, ndipo chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi chakuti amene anawalanda chachikulu anali wachifundo uja.

Uthenga wakuti Mulungu sawerenga zolakwa ndi wofewa kwa wolakwa, koma kwa wolakwiridwa ndi wowawa kwambiri. Mulungu wotere ali ngati mfumu imene yamva mlandu wa munda wolandidwa, n'kunena kuti nonse ndinu ana anga, gwiranani chanza mubwerere kwanu mwamtendere, pamene munda ukadali m'manja mwa wolanda. Amene angayamikire mfumu imeneyo kuti ndi yachikondi ndi wolandayo yekha.

Maganizo ofuna kulekanitsa Mulungu wachikondi ndi Mulungu woweruza si a lero. Munthu wina dzina lake Marcion, mwini zombo wochokera ku Sinope m'mphepete mwa Black Sea, anaphunzitsa ku Roma kuti Mulungu wa Chipangano Chakale, wa malamulo ndi zilango, ndi wina, ndipo Atate a Yesu, a chifundo chokhachokha, ndi enanso. Anataya Chipangano Chakale chonse, nangotsala ndi Uthenga wa Luka umene anaudula mwina ndi mwina, pamodzi ndi makalata 10 a Paulo. Mpingo wa ku Roma unamuchotsa m'chaka cha 144. Ndikamaphunzitsa ana zimenezi ena amaona ngati Marcion anachitiridwa nkhanza, popeza ankangofuna Mulungu wokoma mtima. Ine ndimawafunsa kuti aganizire zimene mayi wothyoledwa dzanja angataye akalandidwa mabuku amene Marcion anataya. Angataye Eksodo 3:7, pamene Mulungu akuuza Mose kuti waona mazunzo a anthu ake ndipo wamva kulira kwawo. Angataye Hagara, mdzakazi wothawa nkhanza, amene m'chipululu anatcha Mulungu kuti ndiye womuona. Angatayenso Malaki 2:14, pamene mneneri akuuza amuna olira paguwa kuti nsembe zawo sizikulandiridwa chifukwa Yehova ndi mboni pakati pa iwo ndi akazi a ubwana wawo amene awachitira zosakhulupirika. Vesi imeneyi sindinaimvepo ikuwerengedwa pamaliro kapena paukwati kuno kwathu, ngakhale kuti ikufotokoza nyumba zambiri za pagombe pano.

M'Masalmo chiweruzo ndi nkhani yovinira. Salmo 98 likuitana nyanja kuti ikokome ndi mitsinje kuti iombe m'manja chifukwa Yehova akubwera kudzaweruza dziko. Munthu savina pomva kuti woweruza akubwera pokhapokha ngati wakhala nthawi yaitali ndi mlandu umene palibe wofuna kuumva. Amalawi tikudziwa kukoma kwa zimenezi. Pa 8 Marichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, yosindikizidwa ku Balaka m'dayosizi ya Katolika ya Mangochi, imene inatchula poyera za malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Kalata imeneyo inali chiweruzo cholankhulidwa m'dzina la Mulungu, ndipo anthu wamba anailandira ngati chikondi, pakuti kwa nthawi yoyamba anamva paguwa kuti zimene ankazinong'ona m'nyumba zaonedwa. Amene inawaopsa anali ena.

## Kodi mwera unachita kutumidwa?

Komabe kuvomereza kuti Mulungu amaweruza sikundichititsa kugwirizana ndi ulaliki wa kumanda uja. Pali mtunda wautali pakati pa kunena kuti Mulungu adzaweruza ndi kunena kuti ine ndikudziwa chigamulo chake, ndipo pali mtunda wautalinso pakati pa zimenezo ndi kuloza ngozi n'kuitcha chilango.

Yesu anafunsidwapo nkhani yofanana ndi imeneyi. Pa Luka 13 anthu anamuuza za Agalileya amene Pilato anawapha akupereka nsembe, ndipo Iye anawonjezerapo za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anafunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo onse, nayankha yekha kuti ayi, kenako anatembenuzira chenjezo kwa ofunsawo kuti nawonso alape. Sanachotse chiweruzo, koma anachichotsa pabokosi n'kuchiika pa anthu oimirira mozungulira manda. Makolo athu ankanena zomwezo pamene ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa Yohane 9, ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake.

Mwera umaomba chaka chilichonse m'miyezi yozizira, ndipo umagubuduza mabwato a akulu a mpingo, a mashehe ndi a zidakwa mosasankha. Ngati usiku uja unatumidwa kudzatenga wamitala, tinene chiyani za amitala ena amene anagona m'nyumba zawo n'kudzuka ali bwinobwino? Maganizo omwewa ndinawamva nthawi ya kolera, imene inayamba m'chaka cha 2022 n'kupitirira mpaka 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, boma lathu la Mangochi lili pakati pa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Ena ankati Mulungu wakwiya ndi uhule wa m'madoko. Koma amene ankadwala anali anthu omwa madzi a m'nyanja chifukwa mjigo uli kutali, ogona m'misasa ya asodzi yopanda zimbudzi, ndi ana aang'ono amene sadziwa n'komwe kuti uhule n'chiyani. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Marichi 2023, mawu omwewo anamvekanso, chonsecho amene amamanga m'mbali mwa phiri ndi amene alibe ndalama yogulira malo abwino. Tikamatcha masoka otere chilango, mosadziwa timakhala tikunena kuti tchimo limene Mulungu amadana nalo kwambiri ndi umphawi. Ngati m'masoka amenewa muli mlandu woti udzamvedwe, ofunsidwa adzakhala amene anali ndi mphamvu yokumba mijigo ndi zimbudzi koma anaigwiritsa ntchito pa zina.

## Cholembera chofiira

Sindikutsutsa kuti mpingo uzidula anthu. Mateyu 18 akupereka njira yake, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 5 analamula kuti munthu wina achotsedwe. Koma cholinga chimene Paulo anatchula chinali chakuti mzimu wa munthuyo udzapulumuke, ndipo pa 2 Akorinto 2 akuchonderera mpingo kuti ukhululukire wolangidwa ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni. Kudula kunaikidwa kuti wamoyo abwerere. Wakufa sangabwererenso kukalasi ya ofuna kubwezeredwa mumpingo, choncho chete wa pamaliro ake amagwera anthu ena: mkazi wamasiye, ndi mwana uja wa kabudula wa sukulu, amene tsopano amadziwa za Mulungu chinthu chimodzi chokha, chakuti anatuma mphepo kudzapha bambo ake.

Chimene chimandivutitsa kwambiri ndikatsegula kaundula ndi mtundu wa milandu imene ili m'menemo. Pafupifupi yonse ndi mimba, mitala ndi mowa, machimo amene amaonekera kunja. Bambo aakulu anadulidwa chifukwa cha mkazi wachiwiri, koma dzanja la mayi aakulu linathyoka bambowo akadali mkhristu wodya mgonero, ndipo nkhaniyo sinalembedwe paliponse. Wakatapira amene amalanda ukonde wa mnzake chifukwa cha chiwongoladzanja, kapena wogula usipa ndi chigoba chachikulu n'kukagulitsa ndi chaching'ono, amene Amosi 8 akuwatchula mosapita m'mbali, akamwalira khadi lawo la chopereka lili lodzaza amaperekezedwa ndi makwaya mpaka nyimbo zina kutsala. Pa Mateyu 25, pamene Yesu akufotokoza za tsiku lomaliza, mafunso ake ndi a njala, ludzu, usiwa, matenda, ndende ndi mlendo, ndipo magulu onse awiri akudabwa ndi chigamulo. Kaundula wanga ndi wofunika poyendetsa mpingo, koma sindikhulupirira kuti ndiye adzatsegulidwe tsiku limenelo.

Mipingo yakhala ikusintha pa nkhani zotere, ngakhale imasintha mochedwa. Malamulo a mpingo wa Katolika a m'chaka cha 1917 ankaletsa mwambo wa maliro kwa munthu wodzipha, koma m'malamulo a 1983 chiletsocho chinachotsedwa, ndipo chiphunzitso cha lero chimati tisataye mtima za chipulumutso cha anthu otere, popeza Mulungu ali ndi njira zimene Iye yekha amazidziwa. Ku Scotland, m'chaka cha 1831, mpingo unachotsa paubusa John McLeod Campbell chifukwa chophunzitsa kuti Khristu anafera anthu onse ndiponso kuti wokhulupirira angathe kukhala wotsimikiza za chikondi cha Mulungu pa iye. Patapita zaka, yunivesite ya Glasgow inamulemekeza ndi digiri yaulemu m'chaka cha 1868. Ku dziko lomwelo ndi kumene kunachokera amishoni amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, kotero mkangano umenewu tinaulandira pamodzi ndi Uthenga, ndipo eni ake anali asanaumalize.

## Woweruzayo ndi yemweyo

Ana a sukulu amandifunsa mosabisa ngati ndimakhulupirira kuti kuli Gehena. Ndimawayankha kuti inde, chifukwa Yesu mwini analankhula za iyo, ngakhale kuti machenjezo ake okhwima kwambiri ankapita kwa anthu opembedza, ndipo mawu ofewa ankawasungira okhometsa msonkho ndi akazi amene mudzi unawataya. Akhristu akale anasiyana maganizo pa zimenezi. Origen wa ku Alexandria ankayembekeza kuti pomaliza zolengedwa zonse zidzabwezedwa kwa Mulungu, ndipo mpingo unakana chiphunzitsocho m'zaka za m'ma 500. Augustine, amene anamwalira mu 430, amenenso tchalitchi chachikulu cha Katolika pa boma pano chimadziwika ndi dzina lake, anaumirira kuti chilango chake ndi chosatha. Ine sindingathe kuphunzitsa za Origen ngati chinthu chotsimikizika, chifukwa chikondi chimene sichilola munthu kukana sichikulemekezanso munthuyo. Koma Augustine yemweyo sanapatsidwe mndandanda wa mayina a otayika, ndipo ife a pagombe pano sitinapatsidwenso.

Pa Eksodo 34, Mulungu podzitchula yekha kwa Mose, akuti ndi wachifundo, wachisomo, wosakwiya msanga, wokhululukira mphulupulu ndi machimo, ndipo m'mpweya womwewo akuti sayesa wopalamula ngati wosapalamula. Sanaike mawu amenewa m'machaputala awiri kuti alaliki agawane. Ndipo pa Yohane 5:22 tikumva kuti Atate anapereka kuweruza konse kwa Mwana, kutanthauza kuti amene tidzaime pamaso pake ndi yemwe uja anapachikidwa, amene anauza chigawenga cha pamtanda, chimene sichinalowepo kalasi kapena kubwezeredwa ndi bwalo lililonse, kuti tsiku lomwelo chidzakhala naye m'Paradaiso. Ndi yemweyonso amene sadzalola kuti dzanja lothyoledwa likhale nkhani yosatchulidwa mpaka muyaya. Mmene adzachitire zonse ziwiri pa munthu mmodzi, bambo aakulu, ndi ntchito yake, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 4:5 akutiletsa kuweruziratu nthawi isanakwane, Ambuye asanaulule zobisika za mumdima ndi zolinga za mitima.

Anyamata amene anapeza thupi m'bango anali Asilamu a mudzi woyandikana nafe, ndipo akuluakulu awo anabwera kudzakhuza malirowo n'kupereka chipepeso. Mmodzi wa iwo, gogo wina amene ankasodza ndi malemu ali anyamata, anandiuza pambuyo pake kuti sanamvetse chifukwa chimene Akhristu timakanganira nkhani imeneyi, popeza iwo amayamba chilichonse potchula Mulungu wachifundo, monga mmene masura 113 mwa 114 a Qur'an amayambira, ndipo amaopa tsiku la Kiyama, la chiweruzo chomaliza, koma sanaonepo ziwirizi zikulimbana. Zikhulupiriro zathu zimasiyana pa zinthu zazikulu, makamaka pa mtanda, koma pamenepa gogoyo sanalakwitse.

## Pabwalo la akulu a mpingo

Uthenga umene mayi aakulu anandituma ndinakaupereka pamsonkhano wa akulu a mpingo, ndipo ndinauika m'mapempho awiri: kuti olalikira pamaliro asamatchule kumene malemu wapita, kaya ndi kumwamba kaya ndi kumoto, ndiponso kuti tiganizirenso za kuletsa nyimbo pamaliro a odulidwa. Ndinatchula dala za kumwamba, chifukwa mbiri zina za malemu zimene timawerenga, zoti munthu amene mudzi wonse unkamuopa watsogola kukapuma m'manja mwa Ambuye, nazonso ndi kulowerera mlandu wa eni.

Mkulu uja amene analalikira kumanda sanakwiye. Anayankha kuti iwo akhala mumpingo zaka zambiri kuposa ine, ndipo aona ndi maso awo amuna akusiya kachasu ndi kubwerera kukalasi ataperekeza maliro opanda nyimbo. "Aphunzitsi," anatero, "mukachotsa mantha amenewa, mudzawabweza ndi chiyani anthuwa? Chikondi chimene mukunenacho akhala akuchimva kuyambira ku Sande sukulu, koma sichinawachotse ku mowa." Zimene ananenazo ndi zoona, ndipo ena mwa amuna amenewo ndimawadziwa. Ndinangoyankha kuti pa Aroma 2:4 chimene chikutchulidwa kuti chimatsogolera munthu kukulapa ndi kukoma mtima kwa Mulungu, ndiponso kuti ambiri amene amabwerera chifukwa choopa maliro a chete amabwerera kudzadzaza khadi, mitima ili pomwe inali. Iwo anati ngakhale zili choncho, ana a munthu wotere amadya, chifukwa ndalama imene ikanapita ku kachasu yafika kunyumba, ndipo pamenepo ndinalibe chowonjezera.

Pempho loyamba linavomerezedwa mosavuta, ndipo mkuluyo anavomera nawo. Lachiwiri anati si la bwalo lathu laling'ono, liyenera kupita kwa abusa ndi mabwalo a pamwamba. Tikuganiza kuti tamaliza, mayi wina amene ndi mkulu wa mpingo, amene nthawi yonseyi sanalankhule, anapempha kuti popeza tikukamba za milandu yodulira anthu, bwalo linene momveka ngati mwamuna womenya mkazi wake ayenera kupitiriza kudya mgonero, ndiponso ngati mayi wobwera kudzadandaula azingouzidwabe kuti apirire. Mfundo imeneyi inatenga nthawi yaitali kuposa zanga zonse ziwiri, amuna ena akuti za m'banja n'za ankhoswe, ena akuti tikayamba zimenezo mabenchi a abambo atsala opanda anthu. Mayiyo anaumirira kuti funso lake lilembedwe mmene analifunsira, ndipo ndinalilemba m'maminitsi kuti lidzakhale loyamba pamsonkhano wotsatira.